Mabwalo a ndege a ku Saudi Arabia: momwe ulendo wa miyezi unasandukira wa maola



Chaka chilichonse nyengo ya Hajj ikayandikira, timaperekeza abale athu ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kapena la Chileka. Timawapangira dua, timatsazikana nawo, ndipo mawa lake foni imalira kuti afika bwino. Tazolowera kwambiri moti sitikumbukiranso kuti zaka zana zapitazo ulendo womwewu unkatenga miyezi, kwa ena zaka, ndipo munthu ankanyamuka atabwezeratu ngongole zonse ndi kusiya wasiya, poti za kubwerera ankadziwa ndi Allah yekha.

Ophunzira athu, a ku madrasa ngakhalenso a ku sekondale, amakonda kutifunsa mafunso awa: bwanji ku Makka kulibe bwalo la ndege? Bwanji Haaji wina amatera ku Jeddah pomwe wina amatera ku Madina? Nanga tikiti imadula chonchi chifukwa chiyani? Mayankho ake ali mu mbiri ya kayendedwe ka ndege m'dziko la Saudi Arabia. Tikaiona bwino mbiri imeneyi, tipeza kuti mabwalo akuluakulu a dzikoli anamangidwa potsatira zinthu zitatu: Hajj, boma ndi mafuta. Tipezanso kuti ndege inachotsa mavuto akale a panjira, koma inabweretsa dongosolo latsopano lomwe aliyense wofuna kupita ayenera kulidziwa asanakwere.

Ndege zisanabwere

Kale Haaji anali ndi njira ziwiri basi, pamtunda kapena pamadzi. Magulu akuluakulu a ngamira ankanyamuka ku Damascus, ku Cairo ndi ku Baghdad, n'kumayenda masabata ambiri m'chipululu akudalira zitsime zomwe nthawi zina ankazipeza zitauma. Asilamu a kuzambwe kwa Africa, monga a ku Nigeria, ankadutsa Chad ndi Sudan wapansi. Kamba akatha ankaima kaye n'kugwira maganyu m'minda, kenako n'kupitiriza mpaka ku doko la Suakin pa nyanja ya Red Sea. Ena sanafike n'komwe ku Makka. Anakhazikika ku Sudan komweko ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Kwa anthu a mbali yathu ino, njira inali yotsikira kugombe, ku Zanzibar kapena ku Mombasa, n'kukadikira nyengo yomwe mphepo imakankhira zombo kumpoto.

M'zaka za m'ma 1800 kunabwera sitima zapamadzi zoyendera malasha. Ulendo unafupika, koma anthu ankathithikana, ndipo kolera ankafala. N'chifukwa chake ma Haaji ambiri ochokera kumwera ndi kuvuma ankayamba atsekeredwa kaye pa chilumba cha Kamaran kuti ayezedwe asanaloledwe kufika ku Jeddah. Mu 1908 njanji ya Hijaz inafika ku Madina kuchokera ku Damascus, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,300, ndipo ulendo wa masiku 40 unasanduka wa masiku owerengeka. Koma njanjiyi sinakhalitse; inaonongedwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndege zonyamula ma Haaji zinayamba ndi dziko la Egypt mu 1937, koma panthawiyo okwera anali ochepa zedi.

Ndege imodzi ya mphatso

Ufumu wa Saudi Arabia unakhazikitsidwa mu 1932 pansi pa Mfumu Abdulaziz. Dzikoli ndi lalikulu kuposa Malawi pafupifupi ka 18, lilibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo panthawiyo misewu ya tala inali yosowa. Kuchoka ku Jeddah, kugombe la kuzambwe, kukafika kugombe la kuvuma ndi makilomita oposa 1,000, ambiri mwa iwo m'chipululu. Dziko lotere linkafunika ndege kuti boma lifikire anthu ake.

Mu February 1945, Mfumu Abdulaziz anakumana ndi mtsogoleri wa dziko la America, Franklin D. Roosevelt, m'sitima yankhondo yotchedwa USS Quincy pa ngalande ya Suez. Pambuyo pa mkumanowo Roosevelt anapatsa mfumuyo ndege ya mtundu wa Douglas DC-3, ndege ya mainjini awiri yonyamula anthu pafupifupi 30. Ndege imeneyi ndi yomwe inakhala mbewu ya kampani ya ndege ya dzikolo, Saudi Arabian Airlines, yomwe inayamba chaka chomwecho. Poti dzikolo linalibe oyendetsa ndege ndi amakaniko okwanira, linachita mgwirizano ndi kampani ya ku America ya TWA kuti iziyendetsa ntchitoyo kwinaku ikuphunzitsa eni dziko.

Kuchepa kwa ndege m'masiku amenewo kunaonekera poyera mu August 1952. Ma Haaji zikwi zingapo anasowa ndege ku Beirut masiku a Hajj atatsala pang'ono, matikiti ali m'manja. Zinatengera ndege za asilikali a America kunyamula anthu oposa 3,700 kupita nawo ku Jeddah m'masiku ochepa kuti asaphonye Arafa.

Kuchokera apo zinthu zinayenda mofulumira. Mu 1962 kampani ija inayamba kugwiritsa ntchito ndege za jeti za mtundu wa Boeing 720, mu 1963 inakhala kampani yoima payokha, ndipo mu 1972 inatenga dzina lalifupi lomwe tikulidziwa lero, Saudia. Mitengo ya mafuta itakwera kwambiri mu 1973, boma linapeza ndalama zochuluka. Nthawi yomweyo padziko panali patabwera ndege zikuluzikulu monga Boeing 747, zonyamula anthu mazana anayi pa ulendo umodzi. Ma Haaji ochokera kunja, omwe cha m'ma 1950 ankakhala pafupifupi 100,000 pachaka, anafika pafupifupi miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mabwalo akale sakanatha kulandira khamu lotere.

Jeddah, khomo la Makka

Jeddah sinakhale khomo la Makka chifukwa cha ndege. Anali Khalifa wachitatu, Uthman bin Affan (Allah asangalale naye), amene anaisandutsa doko la Makka cha m'chaka cha 26 Hijri, chomwe ndi 647. Ndege zitabwera zinangotsatira njira yomwe zombo zinalambula kale.

Bwalo loyamba la Jeddah linali ku Kandara, pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda. Mzinda utakula unalizungulira, ndipo panalibenso koti n'kulikuzira. Choncho mu 1981 anatsegula bwalo latsopano la King Abdulaziz, makilomita pafupifupi 19 kumpoto kwa mzindawo. Mbali yake yotchuka kwambiri ndi yomwe inamangidwira ma Haaji okha, yotchedwa Hajj Terminal.

Vuto lomwe omanga anakumana nalo linali lachilendo. Mabwalo ena a ndege amalandira anthu pang'onopang'ono chaka chonse, koma apa pamafika anthu mazana a zikwi m'masabata ochepa, olankhula zilankhulo zosiyanasiyana, ambiri okalamba, ena kukhala koyamba kukwera ndege, ndipo amayenera kudikira maola ambiri kuti mapepala awo aonedwe ndi kuti mabasi awatenge. Kumanga nyumba yotseka yokwana anthu onsewo n'kumaiziziritsa ndi makina kukanadya ndalama zosaneneka, pomwe miyezi yambiri ikanamakhala yopanda anthu.

Yankho analipeza ku tenti ya Mwarabu wa m'chipululu. Anamanga denga la matenti 210, tenti iliyonse yotalika mamita 45 m'litali ndi m'lifupi momwe, yopangidwa ndi nsalu yolimba ya fibreglass yokutidwa ndi Teflon, yolenjekeka ndi zingwe zachitsulo pa nsanamira zazitali. M'mbali mulibe makoma. Nsalu yoyerayo imabweza kutentha kwambiri kwa dzuwa koma imalola kuwala kulowa, ndipo mpweya wotentha umakwera n'kutulukira pa bowo lomwe lili pansonga pa tenti iliyonse, pomwe mphepo yozizirira imalowa m'munsi. Amene anakhalapo pansi pa mtengo wa mango masana a mu October akumvetsa nzeru imeneyi. Malowa anakonzedwa kuti azisunga anthu okwana 80,000 nthawi imodzi, ndipo mu 1983 analandira mphoto ya Aga Khan ya luso la zomangamanga.

Ophunzira athu a sayansi ndi masamu adziwe kuti injiniya wamkulu wa denga limeneli anali Msilamu wobadwira ku Dhaka, Bangladesh, dzina lake Fazlur Rahman Khan, yemwenso anakonza mafupa a nyumba yaitali ya Sears Tower ku Chicago. Anamwalirira ku Jeddah komweko mu 1982, patangotha chaka bwaloli litatsegulidwa. Masamu omwe timavutika nawo m'kalasi ndi omwe akupereka mthunzi kwa alendo a Allah kwa zaka zoposa 40 tsopano.

Mu 2019 Mfumu Salman anatsegula nyumba ina yatsopano pa bwaloli, Terminal 1, yomwe ili ndi siteshoni ya sitima yothamanga ya Haramain. Sitimayi, yomwe inayamba kuyenda mu 2018, imalumikiza Makka, Jeddah ndi Madina pa njanji ya makilomita pafupifupi 450, ndipo imathamanga mpaka makilomita 300 pa ola. Lero bwalo la Jeddah ndi lomwe limalandira anthu ambiri m'dzikolo; mu 2023 panadutsa anthu oposa 40 miliyoni.

Nanga bwanji Makka ilibe bwalo lake?

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda uthenga wakuti ndege kapena mbalame sizingathe kuuluka pamwamba pa Ka'ba chifukwa pali mphamvu ya maginito yomwe imazikoka. Abale athu, nkhani imeneyi ndi yabodza. Aliyense amene anafikako anaona nkhunda ndi timbalame tina tikuuluka pamwamba pa Msikiti Wopatulika, ndipo nthawi ya Hajj ma helikopita a chitetezo ndi a chipatala amazungulira mumlengalenga mwa mzindawo. Ulemerero wa Ka'ba sufuna kuthandizidwa ndi bodza, ndipo Msilamu sayenera kutumiza kwa ena uthenga womwe sanautsimikize.

Zifukwa zenizeni ndi zapafupi. Makka ili m'chigwa pakati pa mapiri, pomwe ndege zikuluzikulu zimafuna malo athyathyathya a makilomita angapo, ndi mlengalenga wopanda zotchinga potera ndi ponyamuka. Malo otere alipo kugombe, ndipo bwalo la Jeddah lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha kuchoka ku Makka. Komanso mu Makka simuloledwa kulowa anthu omwe si Asilamu, pomwe bwalo lalikulu la ndege limagwira ntchito ndi anthu a zipembedzo zonse. Ndege zonyamula anthu sizidutsa pamwamba pa Haram chifukwa cha lamulo la boma, monga momwe maiko ambiri amaletsera ndege kudutsa pamwamba pa malo ena ofunika.

Riyadh ndi Dammam: boma ndi mafuta

Ngakhale Riyadh linali likulu kuyambira pachiyambi, akazembe a maiko ena ankakhala ku Jeddah mpaka m'zaka za m'ma 1980 pomwe anasamukira ku likulu. Bwalo la King Khalid, lomwe lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa Riyadh, linatsegulidwa mu 1983 kuti likwaniritse udindo umenewu. Pakati penipeni pa bwaloli anamangapo msikiti waukulu wokwana anthu 5,000 mkati mwake.

Kugombe la kuvuma nkhani ndi mafuta. Mafuta ochuluka anapezeka mu 1938 pa chitsime chotchedwa Dammam No. 7, ndipo kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse a America anamanga bwalo la ndege ku Dhahran. Kwa zaka zambiri bwalo limeneli ndi lomwe linkalandira ogwira ntchito za mafuta. Linalowedwa m'malo ndi bwalo la King Fahd ku Dammam, lomwe linayamba kulandira anthu wamba mu 1999, ngakhale asilikali anali ataligwiritsa kale ntchito pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991. Bwaloli limatchuka kuti ndi lalikulu kuposa ena onse padziko tikatengera malo omwe linapatsidwa, pafupifupi masikweya kilomita 776, kufanana ndi dziko lonse la Bahrain. Koma tisasokonezeke: gawo lalikulu la malowo ndi chipululu chosamangidwa, ndipo pa chiwerengero cha anthu Dammam ili kumbuyo kwa Jeddah ndi Riyadh.

Madina: khomo lachiwiri

Kwa nthawi yaitali pafupifupi Haaji aliyense wochokera kunja ankatera ku Jeddah, ndipo wofuna kukachezera Msikiti wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) ankayenda pa basi makilomita oposa 400, kenako n'kubwereranso. Pofuna kupepuza katundu wa Jeddah, boma linakuza bwalo la Prince Mohammad bin Abdulaziz ku Madina. Nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2015, yokonzedwa kulandira anthu 8 miliyoni pachaka, ndipo nsanamira zake anaziumba ngati mitengo ya tende yomwe Madina imadziwika nayo. Linali bwalo loyamba m'dzikolo kumangidwa ndi kuyendetsedwa ndi makampani omwe si a boma, pa mgwirizano wa zaka 25.

Phindu lake ndi lakuti gulu likhoza kutera ku Madina, kuchita ziyara, kupita ku Makka, n'kukanyamukira ku Jeddah, kapena kuyambira ku Jeddah n'kumalizira ku Madina, popanda kuyenda msewu umodzi kawiri. Palinso bwalo laling'ono ku Taif, kumapiri a kuvuma kwa Makka, lomwe nalo limalandirako ena mwa alendo.

Chifukwa chomwe tikiti imadulira, ndi phunziro la ngozi ziwiri

Mu 2019 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anachita Hajj. Mwa iwo, oposa 1.8 miliyoni anachokera kunja, ndipo mwa anthu 100 alionse ochokera kunjawo, oposa 90 anabwera pa ndege. Onsewa amayenera kulowa m'dzikolo m'mwezi umodzi wokha, n'kutulukanso m'mwezi umodzi.

Taganizani za minibasi yomwe imadzadza popita kumsika m'mawa koma n'kubwerera yopanda munthu. Ndi momwe zimakhalira ndi ndege zambiri za Hajj: kumayambiriro zimapita zodzadza n'kubwerera zopanda anthu, kumapeto zimapita zopanda anthu n'kubwerera zodzadza. Mafuta a maulendo opanda anthuwo amalipira ndi Haaji yemweyo. Kwa ife palinso china: palibe ndege yanthawi zonse yochoka ku Malawi kulunjika ku Jeddah kapena ku Madina, choncho timasintha ndege m'njira, kawirikawiri ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Komanso makampani a ndege amawerengera zinthu zawo m'madola, ndiye kwacha ikagwa tikiti imakwera ngakhale mtunda uli womwewo.

Poti palibe kampani yomwe ingasunge ndege zambiri chonchi chifukwa cha miyezi iwiri yokha, makampani amabwereka ndege pamodzi ndi oziyendetsa. Apa ndi pomwe changu chikhoza kupha. Pa 11 July 1991, ndege ya DC-8 ya kampani ya ku Canada ya Nationair, yomwe inabwerekedwa kuti ibweze ma Haaji a ku Nigeria kwawo ku Sokoto, inanyamuka ku Jeddah matayala ena alibe mpweya wokwanira. Vutoli linkadziwika, koma poopa kuchedwa ndegeyo inaloledwa kunyamuka. Matayalawo anaphulika ikuthamanga, anagwira moto, ndipo atapindidwira mkati motowo unafalikira m'mimba mwa ndege. Inagwa ikuyesa kubwerera, ndipo anthu onse 261 anafa. Innaa lillaahi wa innaa ilaihi raaji'uun.

Zaka 11 izi zisanachitike, pa 19 August 1980, ndege ya Saudia ya mtundu wa TriStar inanyamuka ku Riyadh kupita ku Jeddah. Patangopita mphindi zochepa moto unabuka m'chipinda cha katundu. Ndegeyo inabwerera n'kutera bwinobwino, koma sinaime msanga, ndipo zitseko sizinatsegulidwe nthawi yomweyo. Anthu onse 301 anafa ndi utsi ali pansi.

Ngozi ngati zimenezi ndi zomwe zinakhwimitsa malamulo omwe lero timawaona ngati ovutitsa. Akatiletsa kunyamula sitovu ya gasi, parafini kapena china chilichonse choyaka msanga. Akatiuza kuti mabatire osungira moto wa foni asaikidwe m'chikwama chopita kumalo a katundu koma tikhale nawo m'manja. Akatichedwetsa maola awiri chifukwa amakaniko akuona kenakake. Tidziwe kuti malamulo amenewa analembedwa anthu atafa. Kuwatsatira ndi mbali ya kusunga moyo, womwe ndi amana. Kuyezamira kwa Allah sikutsutsana ndi kupopa tayala.

Miqat ikakupeza uli mumlengalenga

Pali vuto limodzi lomwe woyenda pa ngamira analibe. Mtumiki (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) anaika malire otchedwa miqat, omwe wofuna Hajj kapena Umra sayenera kuwadutsa asanalowe mu ihram. Malowa ndi Dhul Hulaifa kwa ochokera ku Madina, Juhfa kwa ochokera mbali ya Sham, Qarnul Manazil kwa ochokera ku Najd, Yalamlam kwa ochokera ku Yemen, ndi Dhatu Irq kwa ochokera ku Iraq. Wa pa ngamira ankaima pamalopo, kusamba, kuvala, kuswali, n'kupitiriza. Ndege siima, ndipo imadula makilomita oposa 10 pa mphindi imodzi.

Ma ulama ambiri akuti Jeddah si miqat ya munthu wochokera kunja, choncho wolunjika ku Makka ayenera kulowa mu ihram ndege ikamayandikira mzere wa miqat, osati atatera. Ife ochokera kumwera, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, timadutsa moyang'anizana ndi Yalamlam. Kuchoka ku Addis Ababa kufika ku Jeddah ndi maola osakwana atatu. Malangizo omwe timapereka ndi akuti amuna avaliretu nsalu za ihram pa bwalo lomwe akusinthira ndege, poti kachimbudzi ka m'ndege n'kopanikiza ndipo pamakhala mzere. Nsaluzo zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'chikwama chachikulu chomwe simudzachionanso mpaka ku Jeddah. Makampani ena amalengeza miqat ikayandikira, ena salengeza, choncho ndi bwino kuchita niya ndi kuyamba talbiya nthawi ikadalipo, pakuti kulowa mu ihram usanafike pa miqat ndi kololedwa, pomwe kuidutsa kumafuna kuti munthu abwerere pa miqat kapena azinge nyama ya dipo.

Amene akuyambira ku Madina alibe nkhawa imeneyi, ngakhale ndege yawo itatera ku Jeddah kaye. Iwo amavala zovala zawo za masiku onse ndipo amadzalowa mu ihram pa Dhul Hulaifa tsiku lomwe akunyamuka ku Madina kupita ku Makka. Ndiye funso loyamba kumufunsa mtsogoleri wa gulu lanu ndi ili: tikuyambira kuti, ku Makka kapena ku Madina?

Kumene zinthu zikulowera

Kwa zaka zambiri ndege za Saudi Arabia zinkatumikira eni dziko, ogwira ntchito ochokera kunja ndi ma Haaji. Panthawi yomweyo maiko ang'onoang'ono oyandikana nalo anasandutsa mabwalo a Dubai ndi Doha kukhala mphambano za dziko lonse, komwe anthu amasinthira ndege. Pansi pa ndondomeko ya Vision 2030, yomwe inalengezedwa mu 2016 pofuna kuchepetsa kudalira mafuta, Saudi Arabia ikufuna nayo gawo la msika umenewu. Pali makampani a ndege zotchipirapo monga flynas, yomwe inayamba mu 2007, ndi flyadeal ya mu 2017. Mu 2019 dzikolo linayamba kupereka ma viza a alendo ongodzaona malo. Mu 2022 linalengeza za bwalo lalikulu latsopano la King Salman ku Riyadh, ndipo mu 2023 linalengeza kampani yatsopano ya Riyadh Air. Bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo, GACA, lili ndi cholinga chofikira anthu 330 miliyoni pachaka pofika 2030. Mu 2023 anali atangopitirira 100 miliyoni.

Kumbali ya Hajj, pali dongosolo la Makkah Route, lomwe limalola ma Haaji a maiko monga Malaysia, Indonesia, Pakistan, Bangladesh, Turkey, Morocco ndi Côte d'Ivoire kumaliza zonse za mapasipoti ndi zidindo za zala asananyamuke kwawo, moti akatera amangolunjika kubasi, katundu n'kukamupeza kumalo ogona. Dziko lathu silinalowe m'dongosolo limeneli, choncho ma Haaji athu akonzekere kudikira pa bwalo, atasunga mankhwala awo, madzi ndi kachakudya pafupi.

Koma kukula kwa mabwalo sikukukuza Mina kapena Arafa. N'chifukwa chake kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 maiko a Chisilamu anagwirizana kuti dziko lililonse lizitumiza pafupifupi munthu mmodzi pa Asilamu 1,000 alionse. Poti kulowa m'dzikolo kwaphweka, ena amakopeka kupita ndi viza ya mlendo wamba kuti akachite Hajj mozemba. Mu 2024, kutatentha kwambiri, boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu oposa 1,300 anamwalira, ndipo oposa 80 pa 100 alionse mwa iwo analibe chilolezo cha Hajj, choncho analibe tenti, basi kapena mthunzi wowayembekezera. Tikiti ya ndege si chilolezo cha Hajj. Wina akakulonjezani njira yachidule yotchipa, funsani kaye kwa omwe ali ndi udindo woyendetsa za Hajj m'dziko muno musanapereke ndalama zanu.

Mawu omaliza

Hajj ndi faradhi kwa yekhayo amene ali ndi kuthekera, ndipo ma ulama akale pofotokoza kuthekerako ankatchula kamba, chokwera, thanzi, chitetezo cha panjira ndi kusiyira banja zokwanira. Mfundo zimenezi sizinasinthe. Chasintha ndi maonekedwe ake. Chokwera lero ndi mpando wa m'ndege, chitetezo cha panjira ndi viza yoyenera, katemera wa matenda oumitsa khosi ndi gulu lodalirika. Amene sanakwanitse zimenezi alibe tchimo, ndipo asadziike m'ngongole kapena m'chinyengo chifukwa chofuna dzina la Haaji.

Amene Allah wamupatsa mwayi, adziwe bwalo lomwe akukatera, mzinda womwe akuyambira, malo omwe adzavalire ihram, ndi katundu yemwe akuloledwa kunyamula. Madzi a Zamzam pobwerera asawathire m'mabotolo n'kubisa m'chikwama. Agule ovomerezeka omata a malita 5, atafunsa kaye ngati kampani ya ndege yake ikulola. Ndipo akadzakhala pansi pa matenti a Jeddah, mzere usakuyenda, miyendo itatupa, adzakumbukire aja ankalima m'minda ya ku Sudan zaka zingapo kuti apeze ndalama yowolokera nyanja yomwe iye waidumpha asanamalize kumwa tiyi.

Tikupempha Allah awafewetsere ulendo onse omwe akukonzekera, awabweze kwawo ali amoyo Hajj yawo italandiridwa, ndipo atsegule khomo kwa omwe akulakalaka koma sanakwanitse. Allah ndiye Mwini kudziwa zonse.